Chidole Chopanda Miyendo

Tinachiseka chidole chija.
Chinalibe miyendo, chinalibe manja,
chifuwa chokha cha pulasitiki ndi kukamwa kuli yasa,
atachigoneka pasimenti mu holo ya ku Kawale.
Tisanamizane, ambirife tinapitira alawansi
ndi zakumwa za teni koloko.

Nesi Nankhoma sanaseke nafe.
Anati: gwadani.
Dzanja pamwamba pa linzake, pakati pa chifuwa,
zigongono zisapindike.
Kankhani ngati mwakwiya.
Makumi atatu, kenaka mpweya kawiri.
Nthiti ikathyoka idzapola,
koma ubongo si minibasi, sudikira kuti anthu adzaze.

Ine ndinakumbuka bambo anga
Lamulungu lina masana ku Mchesi,
momwe tinawathirira madzi kumutu,
kuwakupiza ndi katoni,
kuwaitana mpaka mawu kusasa.
Tinalimo asanu ndi awiri m'chipindamo,
manja khumi ndi anayi,
popanda ndi limodzi lomwe lodziwa pogwira.

Satifiketi inalowa m'dirowa. Miyezi inayi inadutsa.

Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
fumbi la pabwalo likukukutika m'mano,
a Chimphonda a Sitandade seveni anali pabolodi
kugawa matumba a chimanga kwa anthu a m'samu.
Choko ndiye chinayamba kugwa.
Iwo anatsatira.

Sungeni, kamtsikana kosayankhula m'kalasi,
anafika kwa ine nsapato imodzi itatsala m'njira:
Madamu, aphunzitsi agwa!

Ndinawagwedeza phewa. Zii.
Khutu pakamwa pawo. Zii.
Ndinaloza ahedi ndi chala, ulemu nditauiwala:
imbani foni, pezani galimoto!
Ndinagwada.

Chifuwa cha munthu si pulasitiki.
N'chofunda.
Chili ndi bolopeni m'thumba
ndi batani limodzi losokedwa ndi ulusi wosiyana ndi anzake.
Ndinawerenga mokweza,
ana ali m'mawindo anayamba kuwerenga nane
monga amachitira m'mawa uliwonse,
wanu, thuu, fili,
china chake chinati thyo pansi pa dzanja langa.
Sindinaleke.
Mikono itandifera analandira a Mlotha,
omwe aja anaseka kuposa tonse mu holo.
Tinasinthana chotero kumbuyo kwa pikapu ya buledi,
mawondo akusupuka pachitsulo,
kudutsa pamlatho pakati pa akabaza ndi mahutala,
mpaka ku Central,
kumene makina anatilanda ntchito m'manja.

Abwera sabata yatha, ataonda, akuponda mosamala.
Akuti ndinawathyola nthiti ziwiri, akandisumira.
Anandisiyira mapapaya atatu padesiki.

Kwathu ku Biwi tsopano kuli nkhondo.
Mchere ndinauchotsa patebulo,
mwamuna wanga amausaka ngati rimoti.
Mafuta ndimayeza ndi supuni.
Tchipisi cha pachiwaya tachisiyira tsiku la malipiro,
masiku enawa ndi nyemba, bonongwe, therere,
nthochi m'chikwama cha mwana m'malo mwa kamba wa m'pepala.
Ana akuti nyumba yasanduka wodi.
Madzulo timayenda wapansi mpaka pathanki ya madzi n'kubwerera,
iwo patsogolo akupikisana,
iye pambuyo akung'ung'udza,
ndudu ataisiya kachitatu chaka chino.
Loweruka anakapimitsa kuthamanga kwa magazi.
Anabwera ndi kapepala, nakhala phee pakhonde,
ndipo usiku umenewo mchere sanaufunse.

Chidole chija ndinakachibwereka.
Chimagona mu ofesi ya ahedi, pamwamba pa kabati,
Lachisanu lililonse timachitsitsa.
Alonda nawo agwadapo. Amayi ophika phala agwadapo.
Sungeni amawerengera onse.

Usiku mwamuna wanga akagona
ndimaika khutu pachifuwa pake.
Iye amayesa n'chikondi.
N'chikondi, inde,
koma ndimakhalanso ndikuwerenga.